Kodi Ana a Masiku Ano Asanduka Alendo M'nyumba Zathu?

Pali mawu amene amamveka kawirikawiri paliponse pamene akuluakulu asonkhana, kaya ndi pa maliro, pa msonkhano wa mphakati, kapena pansi pa mtengo kunja kwa tchalitchi Misa itatha. Mawuwo ndi akuti, "Ana a masiku ano!" Wowanenayo samaliza chiganizo chake, pakuti onse omumvera amadziwa kale zotsatira zake, iye amangopukusa mutu, anzake nkumuvomereza ndi kuusa moyo. M'mawu ochepawa muli mkwiyo ndi kudabwa, komanso muli chisoni chimene ambiri a ife sitikonda kuchitchula poyera, chisoni cha munthu amene wayamba kudziona ngati mlendo m'nyumba imene adaumbira njerwa ndi manja ake.

Ife amene tadya mvula zambiri tikuudziwa mtima umenewu. Nyimbo zimene adzukulu athu amavina sitizimva mutu wake. Akamacheza okhaokha, mawu ena amatidutsa ngati kuti akuyankhula chilankhulo cha dziko lina. Mwana amakhala pa mphasa imodzi ndi agogo ake, koma maso ali pa foni, ndipo maganizo ali ku Johannesburg kapena ku London. Nkhani imeneyi si yongoseka ayi, chifukwa chikhulupiriro chathu chimayenda kuchokera pakamwa pa kholo kupita m'khutu la mwana, ndipo ngati awiriwa aleka kumvana, ndiye kuti korona, miyambi, mbiri ya mtundu ndi mayina a makolo zidzalowa m'manda pamodzi nafe. Chifukwa chake nkofunika kuti dandaulo lathuli tiliike pa sikelo, tione mbali imene likunena zoona ndi mbali imene likungolira nthawi imene idapita.

Dziko lasanduka la ana

Tiyambe ndi chiwerengero. Pa kalembera wa 1966 m'Malawi muno mudapezeka anthu oposa pang'ono 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 mudapezeka anthu 17.5 miliyoni, ndipo oposa theka la anthu amenewa adali osakwana zaka 18. Tsono tikamati "ana a masiku ano" tikunena za anthu ochuluka kuposa ife kutalitali, ndipo ambiri a iwo adabadwa ulamuliro wa chipani chimodzi utatha kale. Parishi imene imalankhula za achinyamata ngati kagulu kapadera kokhala kumbuyo kwa tchalitchi yaiwala kuti kagulu kameneko ndiko dziko lenileni.

Chachiwiri, tikumbukire chimene chinkachititsa kuti pa nthawi yathu anthu onse aziyendera mayendedwe ofanana. Wayilesi ya m'dziko muno idali imodzi yokha, ya MBC, imene idayamba mu 1964, ndipo nyimbo imene agogo amva m'mawa ndi yomweyo imene mdzukulu ankayimba madzulo potunga madzi. Wayilesi yakanema ya m'dziko muno idatsegulidwa mochedwa, mu 1999. Mu 1968 boma lidakhazikitsa lamulo lopima mabuku, mafilimu ndi nyimbo zisanafike kwa anthu, ndipo mu 1973 padabwera lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala buluku kapena siketi yaifupi. Amuna nawonso sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Malamulo a kavalidwewa adachotsedwa pamene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri. Tikamatamanda ulemu wa masiku amenewo tizisiyanitsa zinthu ziwiri. Padali ulemu wochokera mumtima, wophunzitsidwa ndi amayi pa mtondo ndi abambo pa bwalo, ndipo umenewo ngwofunika kuulirira. Padalinso kufatsa kwa munthu woopa apolisi, ndipo kumeneko kudatha tsiku limene mantha adatha.

Chachitatu ndi chilonda chimene sichinapole. Matenda a Edzi adapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, ndipo mankhwala otalikitsa moyo adayamba kugawidwa mwaulere mu 2004. M'zaka za pakatipo tidaika m'manda amalume, azakhali, ankhoswe ndi aphunzitsi ochuluka, anthu amene pa mwambo wathu ndiwo amakhala mlatho pakati pa agogo ndi ana. Makwerero akathyoka matabwa a pakati, wam'mwamba ndi wapansi amangoonana patali. Achinyamata ambiri amene lero ali ndi ana awoawo adakula popanda wowalangiza, ndipo nkovuta kuti munthu apereke mwambo umene iye sadaulandire.

Chachinayi ndi sukulu ndi ntchito. Pamene maphunziro a pulayimale adakhala aulere mu 1994, chiwerengero cha ana m'sukulu chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chimenechi chidali chinthu chabwino, komatu ntchito sizidachuluke pa liwiro lomwelo, ndipo minda idanka nichepa pogawana. Mnyamata wa satifiketi ya Fomu 4 amene akupalasa kabaza, kapena mtsikana amene akugulitsa kaunjika pa msika, ali ndi zaka zimene makolo ake adali atamanga kale banja. Iye akadali kudikira, ndipo zambiri zimene timaziona ngati mwano ndi kutopa kwa munthu amene wadikira nthawi yaitali.

Za nyimbo

Nyimbo ndizo zimatipweteka m'makutu koposa, choncho tiyambe nazo. Achinyamata akonda kwambiri mayimbidwe a amapiano, amene adabadwira m'makomboni a ku Pretoria ndi Johannesburg, ndiponso mayimbidwe olankhula mofulumira ochokera ku America ndi ku Jamaica. Akuluakulu ambiri amati zimenezi nzachilendo ndipo zapha chikhalidwe chathu. Koma tifunsane moona: kodi kwela adachokera kuti? Nanga simanjemanje, amene ambiri a ife tidavina mpaka fumbi kobo? Zidabwera pa msewu womwewo wa ku Joni, m'masutikesi a abambo athu amene ankapita ku migodi kudzera ku Wenela, ndiponso ndi amene ankagwira ntchito ku Salisbury ndi Bulawayo. Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, a ku Chileka, adatenga kwela wa ku Joni uja namuphika ndi manja a kuno mpaka adasanduka wathu, ndipo lero timawatchula monyadira. Pambuyo pake padabwera kwasakwasa ndi ndombolo kuchokera ku Congo, ndipo nazonso zidadandaulitsa makolo a nthawi imeneyo. Motero kubwereka mayimbidwe si mlandu woti tiwazengere ana, pakuti ndi mwambo umene adaupeza.

Pali zina zoyenera kuyamikira. Oyimba achinyamata ambiri amayimba m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, ndipo amene angapirire nkumvetsera mawu adzapeza kuti nyimbo zina zikunena za ulova, kukwera mitengo kwa zinthu, katangale, umasiye ndi kupweteka kwa kukula wopanda bambo. Kale mayi wosautsidwa m'banja ankaulula mavuto ake m'nyimbo ya pa mtondo kuti mudzi umve. Mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Mchesi amene wajambula nyimbo yake pa kompyuta m'kachipinda kamodzi akuchita ntchito yofanana nayo. Kholo limene likufuna kudziwa chimene chikusautsa mwana wake lingaphunzire zambiri pofunsa tanthauzo la nyimbo imene mwanayo amaibwerezabwereza.

Komabe pali zina zoyenera kudzudzula mosapsatira mawu. Nyimbo zambiri zimamuyesa mkazi ngati katundu wa pa msika, wongoyamikiridwa thupi ndi wogulika ndi ndalama. Zina zimatamanda mowa, chamba ndi chuma chopezeka mosadziwika bwino, ndipo zimamuphunzitsa mwana wosauka kuti munthu wopanda galimoto ndi wopanda pake. Kayimbidwe kakenso nthawi zambiri nkosalimba. Ng'oma za chimtali kapena za malipenga zimafuna anthu angapo omverana, aliyense ndi mbali yake, ndipo luso lake limatenga zaka kuliphunzira. Pamene kugunda kwa makina kumabwereza chinthu chimodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Nchifukwa chake nyimbo zambiri zotere zimaphulika mwezi uno nkuiwalika mwezi wamawa, monga adanenera akale kuti ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.

Wina angatiyankhe kuti makolo athunso adali ndi nyimbo zolaula, ndipo akunena zoona. Zidalipo za pa mowa ndi za ku chinamwali zimene sitingazilembe pa tsamba lino. Koma nyimbo zimenezo zidali ndi malo ake, nthawi yake ndi anthu ake, ndipo mwana wamng'ono akayandikira ankathamangitsidwa. Chimene chagwa masiku ano ndi mpanda umenewo. Nyimbo yoyenera ku malo omwera mowa ikulira m'minibasi, pa ukwati wodalitsidwa m'tchalitchi, ngakhale pa chisangalalo cha ana olandira Ukaristia woyamba, ndipo kamwana ka zaka zisanu kakuyimba mawu amene agogo ake sangawatchule. Tsono tisaiwale kuti amene amalipira woulutsa nyimbo pa zisangalalo zimenezi ndi makolo, ndipo ali ndi mphamvu yomuuza zoyenera kuyimba ndi zoyenera kusiya.

Chitsanzo chimodzi chikutisonyeza kuti mibadwo iwiriyi ingathe kukumana. Giddes Chalamanda, amene adabadwa mu 1930 ku Chiradzulu, adayimba ndi gitala lake kwa zaka zambirimbiri osapindula kwenikweni. Mu 2020 woyimba wachinyamata Patience Namadingo adakhala naye pansi nayimba naye nyimbo zake zakale, ndipo imodzi mwa izo, yotchedwa Linny Hoo, idafalikira pa TikTok mpaka kumveka m'mayiko akutali. Nyimbo idali ya mkulu, njira yoifalitsira idali ya ana, ndipo aliyense mwa awiriwa adali ndi chimene mnzake adalibe.

Za kalankhulidwe

Dandaulo lachiwiri ndi la chilankhulo. Bambo asanduka "madala", mayi asanduka "masteni", moni wasanduka "bho" ndi "shapu", ndipo malonda asanduka "geni". Ambiri amati Chichewa chikufa. Koma chilankhulo chamoyo chimabwereka mawu nthawi zonse. Nsapato, kalata ndi kapitao ndi mawu amene makolo athu adatenga kwa Apwitikizi. Sukulu, sitolo, buledi ndi tchalitchi adachokera kwa Angerezi. Ngakhale Misa, sakramenti ndi Ukaristia, mawu amene timawatchula mogwada, adachokera ku Chilatini ndi Chigriki. Mawu a achinyamata ena adzafota okha ngati maluwa a dzungu, ena adzakhazikika, ndipo adzukulu awo adzawayesa Chichewa chenicheni cha makolo.

Chimene tiyenera kuchiteteza ndi ulemu umene uli m'kati mwa chilankhulo chathu. Chichewa chimasiyanitsa "iwe" ndi "inu". Chimamuika munthu mmodzi m'chiwerengero cha ambiri pofuna kumulemekeza, ndipo chimafuna kuti moni uperekedwe mofatsa, wofunsa za ana ndi za kumudzi, munthu asanayambe nkhani imene wabwerera. Mwana amene wataya zimenezi wataya kanthu kamene Chingerezi sichingamubwezere. Ndipo apa mlandu waukulu suli kwa ana. M'matauni mwathu muli mabanja amene amaletsa ana kulankhula Chichewa kapena Chitumbuka pakhomo, poganiza kuti potero ndiye adzakhoza bwino kusukulu. Mwana wotereyu akapita kumudzi pa tchuthi amangoyang'anana ndi agogo ake ngati anthu okumana pa depoti ya basi. Chingerezi nchofunika ndithu pa maphunziro ndi pa ntchito, koma mutu wa mwana ngwaukulu mokwanira kusenza zilankhulo ziwiri kapena zitatu, monga momwe ana a ku Mangochi ndi ku Karonga akhala akuchitira kuyambira kale.

Za foni

Dandaulo lachitatu, limene likuposa onse, ndi la foni ya m'manja. Ubwino wake tonse tikuudziwa. Mwana amene ali ku Joni amatumiza ndalama ya feteleza kwa amayi ake tsiku lomwelo. Uthenga wa maliro umene kale unkayenda ndi munthu wa pa njinga umafika kwa abale onse pa mphindi imodzi. Miphakati yambiri imakumbutsana za misonkhano pa WhatsApp, ndipo odwala amene sangathe kufika ku tchalitchi amamvera Radio Maria, imene idayamba ku Mangochi mu 1999, kudzera pa kafoni komweko.

Koma makolo ayenera kudziwa m'mene kachipangizoka kamagwirira ntchito, kuti asamangoti mwana ngwaulesi. Makampani amene ali ndi Facebook, TikTok ndi zina zotere amapeza phindu lawo potsatsa malonda, ndipo phindulo limakula munthu akakhalitsa akuyang'ana. Choncho makina awo amaonetsetsa chithunzi chimene munthu wachedwapo, nkumubweretsera china chofanana nacho, kenaka chinanso, mopanda malekezero. Mwana wa zaka 14 amene akulephera kuika foni pansi akulimbana ndi akatswiri amene ntchito yawo ndi kumukola, ndipo nkhondo yotere si yoti tingomusiyira yekha ndi kumukalipira. Pa foni pomweponso pali juga ya mpira, imene ikudya ndalama za fizi ndi mpamba wa geni. Pali zithunzi zochititsa manyazi zimene mtsikana amatumiza kwa mmodzi nkupezeka zafika kwa mudzi wonse, ndipo madzi akatayika saoleka. Palinso alaliki olonjeza chuma ndi machiritso posinthana ndi ndalama, amene akukopa ana ambiri obatizidwa mu Mpingo wathu.

Tinenenso mosabisa kuti matendawa sasankha msinkhu. Foni imene imalira pa nthawi ya Konsekrasio kawirikawiri imatuluka m'thumba la munthu wa imvi, ndipo miseche ndi mphekesera zimene zimayenda m'magulu a pa foni a akuluakulu sizichepa poyerekeza ndi za ana. Lamulo la pakhomo limene limamanga mwana yekha, bambo ali pa foni nthawi ya nsima, silikhalitsa.

Mpingo wenicheniwo sudachiyese chida chimenechi ngati cha Satana. Pa 7 September 2025 Papa Leo XIV adalengeza kuti Carlo Acutis ndi woyera. Mnyamata ameneyu adabadwira ku London mu 1991, adakulira ku Milan, ndipo adamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15. Ankakonda kompyuta ngati anzake onse, ndipo luso lakelo adaligwiritsa ntchito posonkhanitsa pa intaneti mbiri ya zozizwitsa za Ukaristia. Mpeni umodzimodziwo ungasende chinangwa, ungathenso kuvulaza munthu, ndipo ntchito ya kholo ndi kuphunzitsa dzanja limene laugwira.

Mpingo udadutsamo kale m'zimenezi

Amene timadandaula kuti makwaya a achinyamata achulutsa magitala ndi kuvina tikumbukire mbiri yathu. Ansembe a chipani cha Montfort adafika ku Nzama mu 1901, ndipo a White Fathers adakhazikika ku Mua mu 1902. Kwa zaka zoposa 60 Misa inkachitika m'Chilatini, ndipo ng'oma inkaonedwa ngati chida cha ku dambwe ndi cha pa mowa, chosayenera m'nyumba ya Mulungu. Pa 4 December 1963 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udavomereza chikalata cha za mapemphero a Mpingo, chimene chidatsegula khomo kuti zilankhulo ndi mayimbidwe a mitundu ya anthu zilowe m'chipembedzo. Ng'oma, visekese ndi nthungululu zitayamba kumveka pa Misa, akhristu ena achikulire adakhumudwa kwambiri, poganiza kuti chikunja chimene adachisiya pa ubatizo chawatsatira mpaka ku guwa. Achinyamata amene ankaomba ng'oma zimenezo ndi ife amene lero tikupukusa mitu.

Mu 1976 Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a Kungoni ku Mua, kumene zosema, magule ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao zidapatsidwa ulemu pabwalo la mishoni. Mu 1978 ku Balaka kudabadwa Alleluya Band, gulu la anyamata a pa parishi lotsogozedwa ndi Paul Banda, mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici. Wansembe ameneyu akadawathamangitsa anyamatawo chifukwa cha phokoso, dziko silikadamva mayimbidwe a ku Balaka, ndiponso mwina silikadamudziwa Lucius Banda, amene adakulira m'gululo, nayimbira anthu osauka mpaka imfa yake mu 2024. Ndipo pamene Maepiskopi athu adatulutsa kalata yawo ya m'nyengo ya Lenti pa 8 March 1992, yodzudzula kupanda chilungamo m'dziko, ena mwa oyamba kuyenda pa msewu poyera kuwavomereza adali ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba, pa nthawi imene akuluakulu ambiri ankangonong'ona m'nyumba. Nawonso adali "ana a masiku ano" a nthawi yawo.

Izi sizitanthauza kuti chilichonse chatsopano nchoyenera pa Misa. Kwaya imene imayimba mwakuti mpingo wonse ungokhala chete nkumaonerera yasandutsa guwa kukhala bwalo la zisudzo. Makina okuzira mawu akamiza mawu a nyimbo, pemphero latayika. Nyimbo ya pa Misa iyenera kukhala yoti gogo wosadziwa kuwerenga athe kuilandira, ndipo mawu ake agwirizane ndi chiphunzitso cha Mpingo ndi nyengo ya chaka. Muyeso umenewu ndi umodzi kwa nyimbo zakale ndi zatsopano zomwe, ndipo ndi wabwino kuposa kungofunsa ngati nyimboyo tidaimvapo tili ana.

Ntchito ya Eli

M'buku loyamba la Samuele, mutu 3, timawerenga za wansembe Eli, amene adali wokalamba ndipo maso ake adali atachita chidima. Usiku wina Mulungu adaitana mnyamata Samuele, koma Eli sadamve kanthu. Katatu konse mnyamatayo adathamangira kwa mkuluyo poganiza kuti ndiye akumuitana. Eli akadatha kumukalipira kuti asamusokoneze tulo ndi maloto a chibwana. Koma iye adazindikira mwini mawuwo, ngakhale kuti makutu ake sadawamve, ndipo adamuphunzitsa mnyamatayo m'mene angayankhire. Samuele adali ndi makutu, Eli adali ndi chidziwitso, ndipo uthenga wa Mulungu udafika kwa Aisraele chifukwa awiriwa ankagona pafupi ndiponso ankalankhulana.

Apa ndi pamene pali chitonthozo chathu. Palibe amene akutipempha kuti tivine amapiano kapena tizilankhula ngati anyamata a pa siteji ya minibasi. Mkulu wodziyesa mnyamata amangosanduka choseketsa. Chimene ana akusowa kwa ife ndi chimene foni singawapatse: munthu amene adaikapo mwana m'manda nakhalabe ndi chikhulupiriro, amene adapirira njala ya 2002, amene wasunga ukwati zaka 40 ndipo akudziwa kuti chikondi chimadutsa m'chilimwe ndi m'dzinja momwe. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma moto ungazimire bwanji m'dambo limene ana amaopa kuliyandikira? Ngakhale Maria ndi Yosefe, atamupeza Yesu m'Nyumba ya Mulungu ali ndi zaka 12, sadamvetse zimene adawayankha. Luka Woyera akutiuza kuti adabwerera naye limodzi ku Nazarete, ndipo Amayi Maria adasunga zonsezo mumtima. Kusamvetsa mwana si tchimo ndipo si chachilendo, malinga ngati ulendo ukupitirira limodzi.

Sinodi ya Maepiskopi ya za achinyamata, imene idachitika ku Roma mu October 2018, idatenga nkhani ya ku Emausi ngati chitsanzo chake. Ambuye adayamba ndi kuyenda nawo ophunzira awiri aja, nawafunsa zimene ankakambirana, nawamvetsera mpaka atatha, ndipo pambuyo pake ndi pamene adawadzudzula ndi kuwamasulira Malembo. Dongosolo limeneli ndi lofunika. Chidzudzulo chimene chabwera munthu atamvedwa chimalowa mumtima, pamene chobwera asanatsegule pakamwa chimangomuphunzitsa kubisa. Papa Francis adalemba kalata yotchedwa Christus Vivit mu 2019 potsatira sinodi imeneyi, ndipo m'menemo adalimbikitsa achinyamata kuti asadule mizu yawo. Mu 2021 adakhazikitsa tsiku la agogo ndi okalamba, lokumbukiridwa Lamulungu lachinayi la mwezi wa July, pafupi ndi chaka cha Yoakimu ndi Anna Oyera, agogo ake a Yesu.

Tsono tichitenji m'mabanja ndi m'miphakati mwathu? Choyamba, pakhomo pakhale nthawi imodzi pa tsiku, makamaka ya chakudya chamadzulo ndi pemphero, imene mafoni onse, kuyambira ya bambo, aikidwa pambali. Chachiwiri, kholo lisachite manyazi kupempha mwana kuti alimasulire nyimbo kapena aliphunzitse kutumiza uthenga, pakuti safunsa adadya phula, ndipo mwana amene waphunzitsapo bambo ake kanthu savuta kumvera pamene bambowo ayamba kumuphunzitsa. Chachitatu, miphakati, imene Maepiskopi a chigawo chino cha Afrika adaisankha m'zaka za m'ma 1970 kuti ikhale maziko a Mpingo, isamaitane achinyamata pokhapokha pakafunika kunyamula mabenchi ndi kukumba manda. Apatsidwe mawu pa zokambirana, asunge mabuku a chuma, atsogolere kugawana Mawu a Mulungu. Chachinayi, mdzukulu amene ali ndi foni akhale pansi ndi agogo ake, ajambule nthano, mayina a makolo, nyimbo zakale za Misa ndi mbiri ya m'mene tchalitchi cha kwawo chidamangidwira. Potero chida chimene chimatilekanitsa chidzasunga mawu athu ife titapita.

Kwa inu achinyamata amene mwawerenga mpaka pano, tili ndi mawu amodzi. Mumakonda kunena kuti tsabola wakale sawawa. Dziwani kuti mbewu ya tsabola watsopano imachokera mwa wakale yemweyo, ndipo tsiku likubwera, posachedwa kuposa m'mene mukuganizira, pamene ana anu adzaseka nyimbo zanu ndi mafoni anu. Kizito Woyera adali ndi zaka ngati 14 zokha pamene adafera chikhulupiriro ku Namugongo mu 1886, koma adalimba mtima chifukwa pambali pake padali Karoli Lwanga, wamkulu kwa iye, amene adamubatiza ndi kumulimbikitsa. Funani wamkulu wotere pa moyo wanu, ndipo mukampeza musamutaye.

Ndipo ife makolo, tikadzamvanso mawu aja akuti "Ana a masiku ano" akutuluka pakamwa pathu, tiyeni timalize chiganizocho ndi dzina la mwana mmodzi amene tikumudziwa, timupempherere, kenaka tipite tikamufunse m'mene wadzukira. Ana amenewa adabatizidwa m'madzi omwe tidabatizidwira ife, ndipo ndiwo adzanyamula bokosi lathu ndi kutiyimbira nyimbo yotsiriza. Ndi bwino kuti tiyambe kumvana nawo dzuwa lisanalowe.